KODI KWANU NKUTI? KULONDOLA MZERE WA MAKOLO KU LUNDAZI

Mlendo amene wayenda makilomita pafupifupi 180 kucokera ku Chipata kulowera kumpoto, akafika pa boma la Lundazi, cinthu coyamba cimene anthu amamlozera ndi cinyumba ca njerwa zofiira, cokhala ndi nsanja zozungulira, cimene cinaima m'mphepete mwa damu. Cinyumbaci ndi Castle Hotel. Mbiri yake imadziwika bwino lomwe. Anacimangitsa ndi Bwana Disi wa m'nthawi ya atsamunda, Errol Button. Nchito inayamba m'caka ca 1948 nitha m'caka ca 1952, ndipo anacimanga motsanzira malinga a mafumu akale a ku Ulaya kuti cikhale nyumba yogonamo alendo apaulendo. Amanenanso kuti mwana wamkazi wa bwanayo ndiye anapatsa nyumbayo dzina lakuti Rumpelstiltskin, dzina la kamunthu ka m'nthano za Azungu. Lero iri m'gulu la zikumbutso zochinjirizidwa ndi boma.

Nyumba ya zaka zosakwana 80 iri ndi caka cake ndi dzina la woimangitsa m'mabuku. Koma anthu amene anaponda dothi, naumba njerwa, naziocha ndi kuzisanja mpaka kunsonga kwa nsanjazo, maina ao sachulidwa kwa alendo. Adzukulu ao alipo, ena ku Lusaka, ena ku Migodi, ena m'midzi yozungulira boma, ndipo ambiri mwa iwo atafunsidwa dzina la amai a agogo ao angangoyang'ana pansi. Za boma zinalembedwa, za mabanja zinasiyidwa m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zirikutha caka ndi caka.

Ena angati nkhani imeneyi ndi ya anthu ophunzira osowa cocita. Iai. Pa citupa ca Reji, cimene mzika ya Zambia imatenga ikakwanitsa zaka 16, pali malo olembapo mudzi, mfumu ndi boma la munthu. Ana ambiri obadwira ku Kitwe, ku Kabwe ndi ku Matero analembetsa mudzi umene sanaupondepo, nangochula mau amene anamva kwa atate ao. Koma tsiku limafika. Pagwa maliro, abale nkukangana za kumene mtembo ukagone. Munthu wapuma pa nchito, afuna munda kumudzi. Kapena mfumu ya mudzi yamwalira, pafunika wolowa dzina. Pamenepo akulu safunsa citupa. Amafunsa kuti iwe ndiwe mwana wa yani, nanga wakubalayo anabadwa kwa yani. Wosatha kuyankha amakhala kunja kwa bwalo, ngakhale atabwera pa galimoto yakeyake.

DZINA LIMANYENGA

Msampha woyamba kwa wofufuza ndi dzina lake lomwe. M'dziko la Lundazi mukhala mitundu yowerenga cibale m'njira ziwiri zosiyana, ndipo mitunduyi yakhala irikukwatirana kwa zaka zoposa 150. Acewa a kwa Mwase, kwa Zumwanda, kwa Chikomeni ndi kwa Mwasemphangwe amawerenga kucikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amai wake. Womuimira pa milandu ndi pa ukwati ndi atsibweni ake, mlongo wa amai, ndipo dzina la ufumu limapita kwa mwana wa mlongo, osati kwa mwana wobala. Mbumba imagawika m'mabele, bele lalikulu ndi bele laling'ono, monga mwa kubadwa kwa amai oyambawo, ndipo pa kusankha wolowa dzina mabele amenewa ndiwo amawerengedwa. Atumbuka ndi Angoni a kwa Magodi, kwa Phikamalaza ndi kwa Mphamba amawerenga kucimuna. Malowolo akaperekedwa, mkazi amapita kumudzi kwa mwamuna, ana ndi a atate, ndipo munda ndi dzina zimatsata ana aamuna.

Tsono cosokoneza ndi ici: ngakhale Acewa a kuno, ciwongo amatenga ca atate. Munthu akhoza kuchedwa Phiri, nayenda mitunda kufunafuna a Phiri anzake, pamene munda wake, manda a makolo ake ndi ufulu wake wolankhula pabwalo ziri kwa a Banda, kwao kwa amai wake. Dzina la pa citupa limamlozera njira ina, mwambo nkumlozera ina.

Pamene mitundu iwiriyi yakwatirana, nkhani imakula. Mwana wa bambo Mtumbuka ndi mai Mcewa ali ndi mwai, pakuti mbali zonse ziwiri zimamuyesa wao. Koma mwana wa bambo Mcewa ndi mai Mtumbuka kapena Mngoni akhoza kupezeka ali pamphambano: kwa atate amuuza kuti kwanu nkwa amako, kwa amai namuuza kuti kuno ana amatsata atate. Ikafika pabwalo nkhani yotere, funso limene limabuka ndi lakuti kodi malowolo anaperekedwa, nanga ndani anaona ng'ombezo zikulowa m'khola. Mboni zake ndi anthu amene anali acinyamata zaka makumi asanu zapitazo.

Maina a akazi ndiwo amasowa msanga. Acewa amaitana mai ndi ciwongo cake, Naphiri kapena Nabanda, pomwe Atumbuka amati NyaZimba, NyaMtonga, NyaNyirenda. Ndi ulemu waukulu, koma ulemu womwewo umakwirira dzina. Gogo amene mudzi wonse unkamuitana NyaZimba kucokera tsiku limene anafika pa ukwati anali ndi dzina lake la paubwana, komatu mwina palibe wamoyo amene analimva. Catsala ndi ciwongo cokha, ndipo a Zimba ndi ambiri, kucokera ku Chama mpaka ku Mzimba.

MMENE MITUNDU INASANJIKIZANA

Kuti munthu amvetse cifukwa cake mudzi umodzi umakhala ndi miyambo iwiri, ayenera kubwerera m'mbuyo. Acewa a kuno ndi nthambi ya anthu a Maravi. Ufumu wa Mwase wa ku Lundazi ndi wa Mwase wa ku Kasungu ndi wapacibale, ndipo mafumu a Acewa a m'dera lino amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete. Dziko lao silinali lobisika. Linali pa njira ya malonda a minyanga ya njobvu ndi nsalu, imene Abisa ankayendamo. M'caka ca 1798 Mpwitikizi wina, Francisco de Lacerda, ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe wa ku Luapula, nafera komweko. M'caka ca 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo kupyola m'maiko a Acewa asanaoloke Luangwa, ndipo buku limene Gamitto analemba liri pakati pa zolembedwa zakale kwambiri zofotokoza midzi ndi miyambo ya Acewa. Owerenga asasokoneze Kazembe wa ku Luapula ameneyo ndi Mfumu Kazembe wa m'cigwa ca Luangwa, mnansi wa Chitungulu ndi Mwanya. Ndi maufumu awiri osiyana.

Kenaka kunabwera Angoni. Motsogozedwa ndi Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene kunacitika kadamsana. Anapyola m'maiko a Ansenga, Acewa ndi Atumbuka mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene Zwangendaba anamwalira ca m'ma 1848. Ana ake anagawikana. Mpezeni, atazungulira zaka zambiri, anadzakhazikika pafupi ndi Chipata, ndipo M'mbelwa anabwerera kumwera nakhala m'dera la Mzimba m'zaka za m'ma 1850. Magodi ndi Phikamalaza ndi a Angoni a M'mbelwa amenewa.

Apa ndi pamene mizere yambiri inaduka ndi kulumikizidwa kwina. Angoni sankangolanda ng'ombe ndi cakudya. Ankatenga anthu. Anyamata ogwidwa ankaleredwa kuti akhale ankhondo, atsikana nakwatiwa m'midzi ya owagwirawo, ndipo ana ao ankakula akudziyesa Angoni. Cifukwa cake munthu amene lero amabvina ingoma monyadira, atalondola bwino, akhoza kupeza kuti kholo lake linali Mtumbuka, Mcewa, Msenga kapena Mnsenga wogwidwa ali mwana. Palibe ca manyazi pamenepo, pakuti ndi mmene mtunduwo unakulira. Amai ogwidwawo anabwezera m'njira yao: analera ana m'cinenero cao, mpaka Cingoni cinafa ndipo Angoni a kuno analankhula Citumbuka. Cingoni cinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'maina a malo onga Emusa ndi Egichikeni, amene amamveka mofanana ndi Embangweni ndi Ekwendeni a kutsidya kwa malire.

Malire amenewo anadza m'caka ca 1891, pamene Angerezi anagawa dziko potsata mtunda wolekanitsa madzi opita ku Nyanja ya Malawi ndi opita ku Luangwa. Mitsinje anaifunsa, anthu sanawafunse. Magodi anapezeka kumadzulo, M'mbelwa kum'mawa, Mwase wina kuno, wina uko. Wofufuza makolo ku Lundazi asadabwe pamene nkhalamba imuuza kuti manda a agogo ake ali ku Mzimba kapena ku Kasungu. Si kuti agogowo anali alendo m'dziko la eni. Anangosamuka mtunda wa tsiku limodzi m'dziko limene kwa iwo linali limodzi.

ZIMENE MABUKU ANASUNGA NDI ZIMENE ANASIYA

Zolembedwa zoyamba za anthu wamba zinacokera ku mishoni. Uthenga wa a Livingstonia unalowa m'dera lino kucokera ku Loudon, pa Embangweni, kumene kunali mbusa Donald Fraser, amene aphunzitsi ake anatsikira mpaka kwa Asenga m'cigwa. Mishoni ya Chasefu inatsegulidwa m'caka ca 1922, ndipo mipingo ya CCAP ya kuno inakhala pansi pa Sinodi ya Livingstonia mpaka m'caka ca 1984, pamene Sinodi ya Zambia inakhazikitsidwa. Cotero wofuna kaundula wakale wa ubatizo kapena wa ukwati afunse ku Chasefu ndi ku Lundazi, komanso akumbukire kuti mutu wa mpingowo unali kutsidya. Akatolika ali ndi mabuku ao ku Lumezi, ku Kanyanga ndi ku Lumimba. Ubwino wa mabuku a chalichi ndi wakuti amalemba atate ndi amai omwe, ndiponso mudzi. Kuipa kwake ndi kwakuti amayamba pa tsiku la ubatizo, ndipo munthu amalowamo ndi dzina latsopano, Yohane kapena Maria, dzina lakale nkutsala panja.

Boma la atsamunda linalemba anthu cifukwa ca msonkho. Msonkho wa masheleni atatu pa nyumba unayamba kutoleredwa ku North-Eastern Rhodesia ca m'ma 1901, ndipo popeza kuno kunalibe nchito yopezera ndalama, amuna anayamba ulendo wapansi wopita ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo pambuyo pake ku golide wa ku Lupa m'Tanganyika ndi ku Migodi ya mkuwa. Ambiri anabwerera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera. Ena sanabwerere, nachedwa machona. Kumeneko akapitao ankawapatsa maina osabvuta kuchula, ndipo machona ena anakwatira nabala ana pansi pa dzina la kunchitolo. Lero ku Zimbabwe kuli mabanja odziwa kuti agogo ao anacokera ku Lundazi, osadziwa mudzi, ndipo kuno kuli mabanja okumbukira mnyamata amene anapita ku Halale osamvekanso. Mbali ziwirizi zirikufunana ndi maina osiyana a munthu mmodzi.

Ku Lusaka, m'nyumba ya National Archives of Zambia, muli mabuku amene ma Disi ankalembamo za maboma ao, ochedwa District Notebooks. M'menemo muli mizere ya mafumu, mbiri za mitundu monga momwe akulu a nthawi imeneyo anazifotokozera, ndi zocitika za pa boma. E. H. Lane Poole, mmodzi wa akulu a boma la atsamunda m'cigawo cino, anasindikiza buku la mitundu ya kum'mawa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa. Zonsezi ndi zothandiza kwa wa m'banja lacifumu. Kwa munthu wamba zimangopereka malire a munda, osati mbeu. Ndiponso, pakuti wokhoma msonkho anali mwamuna, diso la boma linali pa amuna. Mcewa amene mzere wake umayenda mwa akazi amapeza kuti ulusi womwe akuufunawo ndi umene kalaliki sanausamale.

BOMA LA MAKEDZANA

Acikulire amene anakulira pa boma akayamba kukumbuka, sachula za mafumu ndi nkhondo. Amachula amesenjala a zibakuwa zofiira pamutu, oyenda ndi Bwana Disi pa ulendo wa m'midzi. Amachula masitolo a Amwenye, ndi atelala opalasa makina pakhonde, kumene mai ankagula nsalu m'mawa nabwerera kumudzi madzulo ndi delesi yosokedwa kale. Amachula basi ya UBZ yocokera ku Chipata, ndi anthu ogona pa siteshoni ndi mitolo yao kudikira malo, ndiponso nyengo yogulitsa nshawa za Chalimbana ndi cimanga, pamene ndalama zinkaoneka m'midzi ndipo njinga zatsopano zinkadzaza mseu. NAMBOARD inatha m'caka ca 1989, UBZ nitsatira m'caka ca 1995, koma m'kamwa mwa okalamba zikali zamoyo. Kukumbuka kotere nkokoma, ndipo wofufuza wanzeru amakumvetsera mpaka kumapeto, cifukwa pakati pa nkhani ya basi ndi ya sitolo pamatuluka dzina la mlamu woiwalika kapena la mudzi umene unasamuka. Koma kukumbuka kumasankha. Mesenjala wa cibakuwa cokongolayo ndi yemwenso ankamanga osakhoma msonkho.

Pali caka cimodzi cimene okalamba ambiri amacilumpha. Mpingo wa Lumpa, umene Alice Lenshina anauyambitsa ku Chinsali pambuyo pa masomphenya ake a m'caka ca 1953, unali ndi anthu ambiri ku Lundazi. Pamene ufulu unayandikira, a Lumpa anakana makadi a cipani, nayambana ndi a UNIP, nacoka m'midzi yao kukamanga midzi yamalinga. Nkhondo inabuka ku Chinsali kumapeto kwa July 1964. Pa 3 August a Lumpa anathira nkhondo boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, nalanda polisi, napha anthu ambiri. Tsiku lomwelo boma, limene Nduna Yaikulu yake inali Kenneth Kaunda, linaletsa mpingowo, ndipo pambuyo pake asilikali anagwetsa mudzi wa a Lumpa wa Chipoma. Patapita masiku ocepa, anthu obwezera anapha a Lumpa 46 m'mudzi wa Paishuko. Lenshina anadzipereka m'mwezi womwewo. Ciwerengero ca boma ca onse amene anafa m'cipolowe cimeneci, ku Chinsali ndi ku Lundazi, cinaposa 700, ndipo a Lumpa zikwi zambiri anathawira ku Congo. Dziko linalandira ufulu pa 24 October, misozi isanaume.

Nkhondo imeneyo sinali ya mitundu iwiri yosadziwana. Inalowa m'mabanja, mkulu ali uku, mng'ono ali uko. Ndico cifukwa cake pa mizere ina ya mabanja pali dzina limene aliyense amalidumpha, kapena azakhali amene amangonenedwa kuti anapita kutali. Wacinyamata wofika ndi kope ndi bolopeni ayenera kudziwa kuti cete ameneyo ali ndi cifukwa. Ena mwa opha ndi ena mwa oferedwa anakalambira m'mudzi umodzi, akutunga pa citsime cimodzi. Nkhani yotere safunsa pagulu, ndipo mwini wake akakana sakakamiza.

KOFUNSA

Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhani ya cibale dambo lenileni ndi amai acikulire. Mwamuna amasimba za nkhondo ndi za maulendo, koma wodziwa kuti uje anayamwa bele liti, anakwatiwa kangati, ndi mwana uti amene anabwera naye pamsana, ndi azakhali ndi agogo aakazi. Pambuyo pao pali atsibweni, pali mfumu ya mudzi yosunga kaundula wa anthu ake, ndiponso adzukulu okumba manda, amene amadziwa wogona pansi pa mtumbira uliwonse wopanda mwala. Mwana wa m'tauni asafike cimanjamanja, ndipo asayambe ndi nkhani ya munda, pakuti akatero makutu onse amatsekeka. Akhale pansi, adye nsima, agone masiku angapo. Funso lotsegula pakamwa si lakuti anabadwa caka canji, cifukwa akale sankawerenga zaka. Afunse kuti mudzi uno usanafike pano unali pa mtsinje uti, ndipo usanafike pamenepo unali kuti. Midzi inkasamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikacuruka, ndipo mabwinja ake amadziwika ndi mitengo ya mango yoima payokha m'chire. Nkhalamba imene yaiwala maina ikaima pa bwinja imayamba kuloza pamene panali nyumba ya uje ndi nkhokwe ya uje.

Miyambo ya caka ndi caka imathandizanso, cifukwa imasonkhanitsa abale a mbali zonse za malire: Zengani kwa Magodi, Kulonga kwa Mphamba, ndi Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, kumene kumafika Acewa a ku Malawi ndi a ku Mozambique. Zomveka kumeneko zilembedwe tsiku lomwelo, maina a akazi pamodzi ndi ziwongo zao ndi midzi yobadwira, dzina la ubatizo pambali pa dzina lakumudzi ndi la kunchito. Lamya ya m'manja ikhoza kujambula mau a gogo ngati iye mwini wabvomera.

Wolemba kalata kapena wopita ku maofesi adziwenso kuti Lundazi wa pa citupa ca atate ake ndi wamkulu kuposa Lundazi wa lero. Chama, dziko la Asenga, linali mbali ya boma lino m'nthawi ya atsamunda. M'caka ca 2018 boma linagawidwanso: midzi ya kwa Magodi ndi kwa Phikamalaza inapita ku boma latsopano la Chasefu, ndipo ya kwa Zumwanda, Chikomeni, Mwasemphangwe, Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya inapita ku Lumezi. Koma m'mapepala akale a ku Lusaka midzi yonseyi, kucokera kumalire a Malawi mpaka kumtsinje wa Luangwa, adzaipeza pansi pa dzina la Lundazi.